Kagawidwe ndi Katchulidwe ka Mawu Aatali a Chingerezi



Mwana wa Fomu 3 amatha kulemba mawu akuti photosynthesis osaphonya lembo ndi limodzi lomwe, nkufotokoza bwinobwino ntchito ya tsamba ndi kuwala kwa dzuwa. Koma mumuuze kuti aimirire awerenge mokweza ndime imene muli mawuwo, lilime limamangika. Wina amangowadumpha, wina amawameza kuti asamveke, wina amawatchula molimba mtima koma mnzake wa pambali osazindikira kuti ndi mawu omwe aja. Mwana wotere akasekedwa kawiri amasiya kukweza dzanja m'kalasi, ndipo kusekondale, kumene maphunziro ambiri amaphunzitsidwa m'Chingerezi, kukhala chete kumabwezera munthu m'mbuyo pa phunziro lililonse. Tonse tikudziwanso kuti satifiketi ya MSCE situluka ngati munthu walephera Chingerezi. Nchifukwa chake ndapempha malo m'kalata yathuyi kuti tione zinthu ziwiri: mmene mawu aatali amagawidwira m'maphatikizo, ndi phatikizo limene liyenera kutsindikidwa.

Tiyambire kwathu. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu: chi-ma-nga, ku-mbu-ki-ra. Chiyao chimene ambiri timayankhula kunyumba chimateronso. Malembo a liwu a Chichewa ndi asanu, ndipo lililonse limamveka lonse paliponse pamene lili. A wa koyambirira kwa mawu akuti amalume ndi yemweyo wa pakati. Pamene tikumaliza chiganizo timakoka pang'ono phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nenani kuti "Ndikupita ku Mangochi" ndipo mumvetsere mmene ngo akutalikira. Tili ndinso kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Zizolowezi zimenezi ndi zabwino m'chiyankhulo chathu, ndipo ndi zomwezi zimene timapita nazo ku Chingerezi osadziwa.

Umboni wake ndi mawu amene tinabwereka. School inasanduka sukulu, spoon inasanduka supuni, bread buledi, class kalasi. M'Chingerezi mawu anayi onsewa ali ndi phatikizo limodzi lokha, ife tinawapatsa atatu, chifukwa pakamwa pathu sipalola kuti s ndi k atsatizane popanda liwu pakati, kapena kuti mawu athere pa lembo lopanda liwu. Amene anadutsa ku madrasa ali ndi chifukwa chachiwiri, pakuti Chiarabu cha m'mabuku nachonso sichiyamba mawu ndi lembo lokhala ndi sukun. Chingerezi sichisamala zimenezo. Mawu akuti strengths ali ndi malembo 9, lembo la liwu limodzi, phatikizo limodzi.

Tsono lamulo loyamba nlakuti powerenga maphatikizo tiwerenge maliwu amene akumveka, osati malembo amene akuoneka. Make ali ndi phatikizo limodzi chifukwa e wa kumapeto satchulidwa. Asked, walked ndi prayed ali ndi limodzilimodzi; mchira wa -ed umakhala phatikizo paokha pokhapokha ukatsatira t kapena d, monga want-ed ndi need-ed. Nthawi zina malembo a liwu awiri oyandikana amapanga liwu limodzi, monga mu rain ndi boat, nthawi zina amagawikana: cre-ate, sci-ence, qui-et. Amene sasamala apa amasokoneza quiet ndi quite, pakamwa ndi papepala pomwe. Njira yapafupi ndi kung'ung'udza mawuwo milomo ili yotseka, kapena kuika dzanja pansi pa chibwano nkuwerenga kuti chatsika kangati.

Malamulo odulira mawu polemba si ambiri. Malembo opanda liwu akakhala awiri pakati pa mawu, timadula pakati pawo: win-dow, let-ter, hap-pen. Koma th, sh, ch ndi ph salekanitsidwa, poti ndi malembo awiri oimira liwu limodzi: fa-ther, teach-er. Likakhala limodzi, timamvetsera liwu lakutsogolo kwake. Likakhala lalitali lembolo limapita ku phatikizo lotsatira, monga o-pen ndi ti-ger, likakhala lalifupi limatsala, monga lem-on ndi cab-in. Mchira wa -le umatenga lembo lakumbuyo kwake: ta-ble, sim-ple. Mitu ndi michira yowonjezera imaima payokha: un-kind-ness, dis-a-gree-ment. Mzere wa m'kope ukakutherani, dulani pamalo amenewa, ndipo mawu a phatikizo limodzi musawadule konse.

Chenjezo limodzi kwa odziwa tajweed. M'Chiarabu shadda imamveka ndipo imasintha tanthauzo: darasa ndiye kuti anaphunzira, darrasa ndiye kuti anaphunzitsa. M'Chingerezi malembo awiri ofanana a mu letter, happen kapena committee amatchulidwa ngati limodzi. Ntchito yawo kawirikawiri ndi kusonyeza kuti liwu lakumbuyo kwawo ndi lalifupi, monga hopping posiyana ndi hoping.

Nkhani yaikulu ili pa kutsindika, chimene eni chiyankhulo amachitcha stress. M'mawu aliwonse a Chingerezi a maphatikizo awiri kapena kupitirira, muli phatikizo limodzi limene limaposa anzake: limatalika, limakwera, limamveka mwamphamvu. M'zitsanzo zotsatirazi ndililemba ndi malembo aakulu, ndipo ndidula mawu potsata mmene amamvekera. Ambiri amaganiza kuti kutsindika ndi kukuwa pa phatikizo limodzilo basi. Theka lina la ntchitoyo, limene kwa ife ndilo lovuta, ndi kufooketsa maphatikizo otsalawo. Liwu la phatikizo losatsindikidwa nthawi zambiri limaphwa nkusanduka kaliwu kofooka kamene akatswiri amakatcha schwa, kamene m'dikishonale kamalembedwa ngati e wozondoka, chonchi ə. Ndi liwu limene limamveka kawirikawiri kuposa lina lililonse m'Chingerezi, koma lilibe lembo lakelake. Mu ba-NA-na muli a atatu, wapakati yekha ndiye a weniweni. Enawo ndi schwa. Mu to-DAY, o uja si o. Mu sup-PORT, u uja si u. Ife timapatsa lembo lililonse ulemu wake wonse monga tinaphunzirira ku Sitandade 1, ndiye mawu amatuluka onse ofanana msinkhu, womvera nkusowa pogwira.

Kufooka kumeneku nthawi zina kumameza phatikizo lonse. Comfortable amaoneka ngati ali ndi maphatikizo anayi koma ambiri amatchula atatu, COMF-ta-ble. Vegetable ndi VEG-ta-ble, interesting ndi IN-tres-ting, chocolate ndi CHOC-late, Wednesday ndi WENZ-day.

Onani banja ili: PHO-to-graph, pho-TO-gra-phy, pho-to-GRA-phic. Tsinde ndi limodzi, malembo oyambirira ndi omwewo, koma mphamvu ikusamuka, ndipo ikasamuka maliwu onse amasintha nayo. To wa mu photograph ndi wofooka, wa mu photography ndiye mwini mawu. Chimene chikusamutsa mphamvuyo ndi mchira, ndipo pamenepa mpamene pali chithandizo chenicheni, chifukwa mawu aatali a m'mabuku a sayansi, mbiri ndi jogalafe pafupifupi onse ali ndi michira yodziwika.

Gulu loyamba ndi la michira imene imakokera mphamvu pa phatikizo loyandikana nayo chakumbuyo. Imeneyi ndi -tion, -sion, -ic, -ical, -ity, -ian, -ial ndi -ious. Motero timati e-du-CA-tion, de-CI-sion, e-co-NO-mic, po-LI-ti-cal, e-lec-TRI-ci-ty, mu-SI-cian, of-FI-cial, re-LI-gious. Lamulo la -tion ndi lodalirika kwambiri moti mukhoza kulitsata maso ali chitsinzire. La -ic lili ndi mawu ochepa osalimvera, ndipo amodzi mwa iwo timawatchula tsiku ndi tsiku pasukulu pano: ndi A-ra-bic, mphamvu ili koyambirira, ngakhale timati a-RA-bi-an ndi is-LA-mic. Enanso ndi PO-li-tics, CA-tho-lic ndi a-RITH-me-tic. Awa ndi ongoloweza.

Gulu lachiwiri ndi limene limatipunthwitsa kwambiri. Aneni aatali othera ndi -ate ndi -fy, komanso ambiri othera ndi -ise, amatsindikidwa pa phatikizo lachitatu kuchokera kumapeto: E-du-cate, com-MU-ni-cate, par-TI-ci-pate, in-VES-ti-gate, i-DEN-ti-fy, OR-ga-nise, a-PO-lo-gise. Chifukwa chimene timalakwira chikuoneka tikakumbukira zija tanena poyamba. Timawonjezera kaye i kumapeto, educate nkukhala eduketi. Kenako chizolowezi chokoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto chimagwera pa ke. De-VE-lop amaona zomwezo: amasanduka divelopu, mphamvu nkupita pa lo. Choncho mankhwala ake ndi awiri, kuchotsa liwu lowonjezeralo ndi kubweza mphamvu m'mbuyo. Maina a maphunziro nawo amawerengedwa chimodzimodzi, lachitatu kuchokera kumapeto: bi-O-lo-gy, ge-O-gra-phy, ge-O-me-try, e-CO-no-my, de-MO-cra-cy. Ther-MO-me-ter alinso momwemo, koma miyezo ya utali imatsata njira yake, CEN-ti-me-tre ndi MI-lli-me-tre. Kilometre amamveka mitundu iwiri ndipo yonse ili m'madikishonale.

Pali michira ina yadyera, imene imatenga mphamvu yokha: re-fu-GEE, em-ploy-EE, en-gi-NEER, Por-tu-GUESE, Ja-pa-NESE. Yambiri mwa imeneyi inachokera ku Chifalansa. Akuluakulu a komiti akondwera kumva kuti dzina lawo silitsata lamulo limeneli. Ndi com-MI-ttee, ndipo apa Chichewa chatithandiza, pakuti tikamati komiti timakoka mi yemweyo.

Gulu lomaliza ndi lofatsa: -ment, -ness, -ful, -less, -ly, -er ndi -ing kawirikawiri sasuntha kanthu. Ukadziwa de-VE-lop wadziwanso de-VE-lop-ment, ukadziwa GO-vern wadziwa GO-vern-ment, CARE-less amabala CARE-less-ness.

Wina afunsa kuti, nanga chisokonezo chonsechi chinabwera bwanji? Chingerezi chakale chinkatsindika phatikizo loyamba la tsinde, ndipo mawu ake a pakhomo adakali choncho: FA-ther, MO-ther, WA-ter, HUN-gry. Mitu ngati be- ndi for- pa aneni sinkawerengedwa, nchifukwa chake timati be-GIN ndi for-GIVE. M'chaka cha 1066 a ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinali chiyankhulo cha mafumu ndi makhoti. Mawu ake anabwera ndi chizolowezi chotsindika kumapeto. Kenako m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ophunzira anatunga mawu ambirimbiri ku Chilatini ndi Chigiriki. Miyambo itatu inakumana m'chiyankhulo chimodzi, ndipo palibe umene unagonjetseratu unzake.

Lamulo la Chilatini ndi limene ophunzira a madrasa sayenera kuvutika nalo, chifukwa likufanana kwambiri ndi mmene Chiarabu cha m'mabuku chimaphunzitsidwira. Timayang'ana phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Likakhala lolemera, kutanthauza kuti lili ndi liwu lalitali kapena latsekedwa ndi lembo lopanda liwu, limatenga mphamvu. Likakhala lopepuka, mphamvu imabwerera pa lachitatu. M'Chiarabu timati ki-TAA-bun chifukwa cha madd ija, koma KA-ta-ba poti ta ndi wa haraka imodzi. Maina ambiri a Chingerezi amayenda chimodzimodzi: a-GEN-da, ve-RAN-da ndi ho-RI-zon ali ndi phatikizo lolemera pamalopo, pamene CI-ne-ma, CA-na-da ndi a-ME-ri-ca alibe. Khutu limene linaphunzitsidwa kusiyanitsa haraka imodzi ndi ziwiri ndi khutu lakuthwa kale. Ndimaona kuti ana athu ambiri amalisiya pakhomo la madrasa ngati nsapato, osadziwa kuti likufunikanso m'kalasi ya Chingerezi.

Ngakhale mawu ochokera ku Chiarabu akalowa m'Chingerezi amamvera malamulo a kumeneko. Algebra anachokera ku al-jabr, mawu a m'dzina la buku la masamu limene Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo algorithm anachokera ku dzina la mlembiyo. Angerezi amati AL-ge-bra ndi AL-go-ri-thm, kutsindika al yemwe kwa Mwarabu ndi kachizindikiro chabe ka dzina. Muwaike mchira wa -ic, mphamvu imasamuka monga mwa lamulo lija: al-ge-BRA-ic, al-go-RITH-mic.

Kodi kulakwitsa malo a mphamvu kuli ndi vuto lenileni, kapena ndi nkhani yongofuna kumveka ngati mzungu? Pali mawu a maphatikizo awiri amene amakhala dzina mphamvu ikakhala koyamba, nkukhala mneni ikakhala kumapeto. RE-cord ndi kaundula, re-CORD ndi kulemba kapena kujambula mawu. PRO-duce ndi zokolola, pro-DUCE ndi kupanga. OB-ject ndi chinthu, ob-JECT ndi kutsutsa. RE-fuse ndi zinyalala, re-FUSE ndi kukana. DE-sert ndi chipululu, de-SERT ndi kuthawa kapena kusiya munthu. Mawu ophatikiza awiri nawonso amasiyana: GREEN-house ndi nyumba yolereramo mbewu, green HOUSE ndi nyumba yopakidwa utoto wobiriwira. IM-po-tent ndi im-POR-tant ndi mawu awiri amene mwana wa mkangano wa pasukulu sangafune kuwasinthanitsa pamaso pa anthu.

Makolo amene amachita malonda akudziwa za manambala. Thir-TEEN ndi THIR-ty, fif-TEEN ndi FIF-ty: kusiyana kwa K15,000 ndi K50,000 kuli pa kaphatikizo kamodzi. Pano pali msampha wina woti fifteen akatsatiridwa ndi mawu ena, monga fifteen thousand, eni chiyankhulo amabweza mphamvu pa fif, ndiye chotsala chowasiyanitsa ndi kutalika kwa teen ndi n wa kumapeto. Pafoni, ngakhale iwowo amafunsana kuti one five kapena five zero. Palibe manyazi kutero.

Kunena zoona, si kulakwitsa kulikonse kumene kumasokoneza. Mmalawi mnzathu amva divelopumenti popanda vuto, ndipo sindikuona chifukwa choti mwana wa ku Machinga azivutika kutsanzira kayankhulidwe ka ku London. Angerezi ndi Amereka okhaokha sagwirizana: ku Britain amati la-BO-ra-tory ndi ad-VER-tise-ment, ku America LA-bo-ra-to-ry ndi ad-ver-TISE-ment. Koma malo a mphamvu ndi amene womvera wozolowera Chingerezi amayamba kugwira pozindikira mawu. Akhoza kukumvani ngakhale r ndi l zikusinthana, koma mukasuntha mphamvu amafunafuna mawu ena m'mutu mwake. Ana athu adzakumana ndi anthu otere pofunsidwa ntchito, kukoleji, kuchipatala, ku Johannesburg kumene abale ambiri amapita. Ndiponso phindu lake limabwerera kwa iwe mwini: ukadziwa mmene mawu amamvekera, umawazindikira pa wailesi ndi pakamwa pa mphunzitsi.

Phindu lina lili pa mayeso olemba. Zolakwa zambiri za sipelo zimachitika pa schwa, poti khutu silingakuuze ngati kaliwu kofookako kalembedwe a, e, i kapena o. Njira yake ndi kufuna m'bale wa mawuwo amene mphamvu yake imagwera pa phatikizo lokayikitsalo. Grammar kapena grammer? Gram-MA-ti-cal akuyankha kuti ndi a. Definite kapena definate? De-fi-NI-tion akuti ndi i. Mu relative muli a chifukwa cha re-LATE, mu competition muli e chifukwa cha com-PETE, mu history ndi memory muli o amene amabisala mpaka titanena his-TO-ri-cal ndi me-MO-ri-al. Wophunzira amene amaloweza mawu m'mabanja chonchi amapha mbalame zingapo ndi mwala umodzi.

Dikishonale imanena zonsezi, kungoti ambiri timathamangira tanthauzo nkudumpha tizilembo tachilendo tili pambali pa mawu. Mu Oxford Advanced Learner's Dictionary ndi ena ofanana nayo, kamzere kakang'ono koimirira kamene kali m'mwamba kamaikidwa patsogolo pa phatikizo lotsindikidwa, osati pambuyo pake. Kamzere kotere kakakhala m'munsi, kakusonyeza mphamvu yachiwiri, yocheperapo, imene mawu aatali kwambiri amakhala nayo kuti asayende mtunda wautali opanda popondera. Amene ali ndi foni ya intaneti akhoza kumvetsera mawuwo akutchulidwa, koma ayang'anenso kamzereko, chifukwa khutu lozolowera Chichewa limatha kumva zimene likuyembekezera.

Tiyeni tiyese ndi mawu amodzi aatali, responsibility. Tiwerenge maliwu: re-spon-si-bi-li-ty, asanu ndi limodzi. Tiyang'ane mchira: ndi -ity, wa gulu loyamba, choncho mphamvu yaikulu ili pa bi. Tsinde lake ndi re-SPOND, ndiye spon amasunga mphamvu yachiwiri. Otsalawo tiwafooketse, ndipo tisalowetse i pakati pa s ndi p. Lilime likakana, yambirani kumapeto nkumabwerera m'mbuyo: BI-li-ty, si-BI-li-ty, spon-si-BI-li-ty, kenako mawu onse. Aphunzitsi a ziyankhulo amagwiritsa ntchito njira imeneyi chifukwa imasunga mphamvu pamalo pake pamene mawu akutalika. Photosynthesis uja amatheka momwemonso: SYN-the-sis, to-SYN-the-sis, pho-to-SYN-the-sis.

Ophunzira, m'kope lanu la mawu atsopano muzilemba phatikizo lamphamvu ndi malembo aakulu kapena kulidula mzere kunsi, ndipo pambali pake mulembe abale ake awiri kapena atatu. Makolo, simukusowa kudziwa Chingerezi kuti muthandize. Muuzeni mwana akuwerengereni mokweza ndime imodzi madzulo, akafika pa mawu aatali awombe m'manja pa phatikizo lililonse, nkuwomba mwamphamvu pa limodzi lokha. Mukamva kuwomba konse kukufanana, mubwezeni akaone m'dikishonale. Kwa a komiti, pempho langa ndi la madikishonale owonetsa katchulidwe, ngakhale awiri pa kalasi iliyonse, oti azikhala m'kalasimo osati otsekeredwa mu ofesi.